Chishalo pa Kapinga wa Mfumu

Ufumu wa Zilibwino simungaupeze pa mapu, ndipo musavutike kufunsa makondakitala a basi. Amene anakhalako amati ndi dziko limene munthu ukamufunsa kuti wadzuka bwanji, amayamba wacheuka asanakuyankhe. Dzina la dzikolo ndilo linali yankho lovomerezeka pa funso lililonse. Mankhwala kuchipatala? Zili bwino. Mlatho unakokoloka dzana uja? Zili bwino.

Mwini dzikolo anali Mfumu Yaikulu Ndinendekha Wachitatu, munthu wa thupi lake, amene pa zonse zimene makolo ake anamusiyira ankakonda chimodzi chokha: kapinga wa kunyumba yachifumu. Kapingayo anali wotambalala ngati mabwalo a mpira khumi. Mbuzi sinkadyapo, mwana sankasewerapo, ngakhale mphale sinkayanikidwapo. Ntchito yake inali yoti mfumu izimuyang'ana ili pakhonde. Anali ndi unduna wakewake, wotsogozedwa ndi Nduna ya Kapinga ndi Zobiriwira Zina, a Chidyaudzu, amene pansi pawo panali achiwiri asanu ndi awiri, aliyense ndi ofesi yake ndi mtsikana womuphikira tiyi.

Kale kapingayo ankatchetchedwa ndi makina oyendera petulo ochokera kunja. Petulo atasowa m'dzikomo, a Chidyaudzu analengeza kuti makina akunja amawononga chikhalidwe, ndipo unduna wawo unatulukira mwambo wa makolo wotchedwa Msana wa Chikondi. Mwambowu unali wakalekale, moti pa nthawi ya nkhani inoyi unali utatha miyezi isanu ndi inayi chiukhazikitsire. Midzi inkasinthana: khomo lililonse linkatumiza munthu mmodzi ndi chikwakwa chake kukamweta kapinga wa mfumu kwa masabata atatu, chiweramire. Tsoka lake udzu sudziwa malire. Ukamamera kwa mfumu umameranso m'munda mwa mphawi, tsiku lomwelo, ndi mvula yomweyo.

M'mudzi wa Tapirira munali mayi wina dzina lake Nagama, mkazi wa a Bisalomu Kadzamira, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa msika wa Ndaonazino. Chaka chapitacho banjali linadya madeya kuyambira Januwale mpaka chimanga chachiwisi, ndipo Nagama analumbira kuti ana ake sadzalawanso chakudya cha nkhumba. Mwezi wonse wa Okutobala anatuta manyowa pamutu. Mbewu anakapempha kwa mchemwali wake, ulendo wa tsiku lathunthu. Anadzala ndi mvula yoyamba, ndipo pofika Khirisimasi chimanga chinali chitafika m'maondo, chobiriwira mochititsa kaso. Chinangotsala n'kupalira ndi kubandira, ntchito yofuna makasu awiri kwa masabata awiri osapumira. Ndiye kunabwera mthenga kudzanena kuti Lolemba likubwerali ndi gawo la mudzi wa Tapirira kukaonetsa chikondi kwa mfumu.

Nagama anakhala pansi, n'kuwerenga ndi zala. Akapita iye, khasu limodzi silikwanitsa. Akapita amuna ake, chimodzimodzi. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo udzu m'mizeremo unali utayamba kale kusuzumira.

A Bisalomu anamvetsera akupukuta girisi m'manja, kenako anati awapatse masiku asanu. Apanga chinthu choti kapinga yense wa mfumu athe tsiku limodzi, mudzi wonse ubwerere kumunda Lachiwiri.

Nagama sanadumphe ndi chimwemwe, chifukwa amuna akewo ankawadziwa. Ndi omwewa anapanga chotongolera chimanga chopalasa ndi miyendo, chimene chinkaponya maso a chimanga kutali, nkhuku za aneba n'kunenepa. Koma munthu akamamira amagwira ndi tsekera lomwe. Anangoti, “Bambo a Tiyese, masiku asanu amenewo mukuwachotsa pa khasu. Mukawataya, mudzawafotokozera nokha anawa.”

A Bisalomu anatenga njinga yakale ya kabaza imene mwini wake anaitaya mtima, n'kuchotsa tayala lakutsogolo. Pamalopo anaika matayala awiri a wilibala, ndipo pakati pa matayalawo anamangapo chigubu chozungulira chokhala ndi mipeni isanu. Mipeniyo anaisula kuchokera ku masipulingi a galimoto, pa makala ndi mvukuto, chifukwa magetsi ku Zilibwino ankabwera ngati mkamwini wamanyazi: osadziwitsa, ndipo osachedwa. Anaipotokola pang'ono kuti izidula udzu motsetsereka, n'kuika chitsulo chakuthwa pansi kuti mpeni uliwonse podutsa uzikhudzana nacho monga ichitira sizasi. Kenako analumikiza matcheni awiri kuti munthu akapalasa kamodzi, chigubu chizizungulira kanayi.

Amsika anapeza pochezera. Wometa tsitsi anati makinawo ndi achimwene a makina ake, ndipo akatha za kapinga amubwereke ametere a Chidyaudzu, amene mutu wawo unali ndi malo. Mayi wogulitsa tomato anafunsa ngati chinthucho chili ndi chiphaso, popeza ku Zilibwino ngakhale kuganiza kunkafuna chidindo.

Kuyesa koyamba, pa bwalo la mpira la kuseri kwa msika, mipeni inalowa m'dothi, njinga inaima njii, a Bisalomu n'kupitirira okha pamwamba pa handulo. Anadzuka, anadzisasa, anakweza chigubu ndi mabawuti. Kuyesa kwachiwiri inadula bwino, koma udzu wonse pamodzi ndi zitosi za mbuzi zinkabwerera kumaso kwa wopalasa. Anapinda chidutswa cha lata n'kuphimba pamwamba pa mipeni. Loweruka masana anakwera kachitatu, ndipo njinga inayenda ikulira tchetchetche, kusiya mzere wosalala m'mbuyo. Bwalo lonse linatha fodya wa wometa uja asanazime. Nagama, amene anabwera ndi mawu okonzeka kale m'kamwa, anawameza, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere mthenga uja mtima wake unakhala pansi.

Lolemba anthu mazana awiri a ku Tapirira ndi midzi yoyandikana nayo analowa pa geti ya nyumba yachifumu ndi zikwakwa zawo. A Bisalomu anali pambuyo akukankha njinga, Nagama ali pambali pawo, atangowaperekeza poganiza kuti abwerera Lachiwiri. Alonda anailola poganiza kuti ndi mphatso, chifukwa pa geti imeneyo chinthu cholowa sichinkafunsidwa mafunso. Mfumu inkadzuka dzuwa litakwera, choncho a Bisalomu anakwera n'kuyamba ntchito. Uku n'kupita, uko n'kubwera. Anthu aja, posowa chomweta, anaongoka n'kumaonerera, ena atagwira m'chiuno.

Pamene mfumu inkatulukira pakhonde ndi kapu ya tiyi, theka la kapinga linali litatha. Koma mfumu sinaone kapingayo. Inaona nkhope mazana awiri. Chilowere ufumu, Ndinendekha Wachitatu anali asanaonepo anthu ake kumaso. Ankawadziwa ndi misana. Kapu inagwa. Mfumu inabwerera m'nyumba chafutambuyo, ikufunsa ngati asilikali akadali mbali yake.

Alonda anatsitsa a Bisalomu, anthu anauzidwa kuti awerame msanga ngakhale panalibe chomweta pamene anaimapo, ndipo bwalo la nduna linaitanidwa mwadzidzidzi.

A Chidyaudzu anali atayendera kale mizere ija, ndipo anaona kuti yadulidwa bwino kuposa mmene unduna wawo unachitirapo. Zimenezi zinawadetsa nkhawa kwambiri. Ngati wokonza njinga mmodzi angathe kapinga tsiku limodzi, nduna n'njachiyani? Nanga achiwiri asanu ndi awiri aja? Anaimirira m'bwalomo, anakonza tayi, nayamba ndi kuyamika mfumu chifukwa cha nzeru zake zimene zafalikira mpaka kwa okonza njinga. Atayamika kwa ola, anafika pa mfundo: lamulo la dziko limati pa kapinga wa mfumu palibe wokhala pampando kupatula mfumu. Tsono munthu uyu wapezeka atakhala.

A Bisalomu, atagwada, anafotokoza kuti chimene anakhalira si mpando koma chishalo cha njinga. Apa ndiye anaputa mavu. Bwalo linagawanika pawiri. Ena anati mpando umadziwika ndi miyendo inayi, ndipo chishalo chili ndi umodzi. Ena anati chilichonse cholandira mbuyo ya munthu ndi mpando, ngakhale chiswe chitadya miyendo yonse. Nduna ya Maphunziro inaitanitsa mabuku, koma anapeza kuti anagwiritsidwa ntchito kukulungira mandasi pa chikondwerero cha chaka chatha. Anasankha komiti yoti ikayese chishalocho, ndipo nduna zinakhalapo imodziimodzi, kunja kwa mpanda kuti zisaphwanye lamulo, iliyonse n'kutsika ndi maganizo amene inakwera nawo. Tsiku loyamba linatha. Lachiwiri linathera pa kukambirana ngati komitiyo inasankhidwa moyenera.

Lachitatu a Bisalomu anapempha kuti angochotsa chishalocho, azipalasa choimirira. A Chidyaudzu anatumiza munthu ndi chingwe kukayeza, ndipo zinapezeka kuti munthu woimirira pa mapedulo mutu wake umaposa wa mfumu ikakhala pakhonde. Umenewo unali mlandu waukulu kuposa woyamba uja, ndipo a Bisalomu analangizidwa kuti asauganizirenso.

Masiku onsewo anthu mazana awiri aja ankasungidwa panja monga mboni. Kumweta sankaloledwa, chifukwa kapinga anali umboni wa mlandu. Kupita kwawo sankaloledwanso. Mvula inkagwa masana aliwonse, ija yabwino yofewetsa nthaka. Nagama ankadziwa chimene inkachita kumunda kwake.

Lachinayi mtima unamukwana. Mfumu itatulukira pakhonde, iye anakwawa ndi maondo mpaka pa masitepe, anaomba m'manja, n'kulankhula alonda asanaganize chochita.

“Wawa, mwini dziko. Ine ndine mbuli, za malamulo sindizidziwa. Koma ngati chishalochi ndi mpando, ndipo pakapingapa wokhala pampando ndinu nokha, ndiye kuti njingayi ndi yanu. Amuna angawa anangoyesa ngati ili yolimba. Kwerani, mwini dziko, anthu aone mmene mfumu imagwirira tsiku limodzi ntchito imene ife mazana awiri timalephera masabata atatu.”

Musamuweruze msanga Nagama. Iye anawerengera kuti mfumu ikakopeka, ikwera, ipalasa, kapinga atha, ndipo aliyense anyamula chikwakwa chake kubwerera kumunda. Anali mayi wanzeru, kungoti nzeru zake zinali za dziko limene zinthu zimatsatana bwino.

Nkhope ya mfumu inawala. Chibadwire inali isanauzidwepo kuti ingathe kugwira ntchito, ndipo mawuwo anaikomera. Bwalo, limene linakangana masiku atatu, linagwirizana nthawi yomweyo kuti chishalo ndi mpando, ndipo nduna iliyonse inakumbutsa inzake kuti ndi zimene inkanena kuyambira pachiyambi. Anayala nsalu yofiira pachishalo. Alonda anayi anakweza mfumu. Ojambula anakonzeka.

Mfumu inapalasa kamodzi, kawiri, katatu. Kachinayi mwendo unakana. Njinga inaima, thukuta linatsika, ndipo kupuma kwa mwini dziko kunkamveka mpaka ku geti. Pabwalo ponse panalibe wotsokomola, chifukwa aliyense ankadziwa kuti pafunika wolakwa, ndipo sangakhale miyendo ya mfumu.

A Chidyaudzu ndiwo anapulumutsa dziko. Anati makinawo alibe vuto, pakuti mfumu yawakhudza. Miyendo ya mfumu ilibenso vuto, pakuti ndi imene yanyamula dziko zaka zonsezi. Chimene chikusowa ndi chikondi cha anthu kumbuyo. Anakodola amuna khumi, a Bisalomu patsogolo, kuti agwire keliyala n'kukankha, chowerama monga mwa lamulo. Njinga inayenda. Mfumu inaika mapazi pa mapedulo n'kumawalola azungulire okha, dzanja limodzi likubayibitsa. Amayi anauzidwa kuti aimbe nthungululu.

Lamulo latsopano linawerengedwa pa msika wa Ndaonazino Loweruka lotsatira, ng'oma itaimbidwa katatu. Linati Mfumu Yaikulu, mwa chifundo chake chosayezeka, yathetsa mwambo wa Msana wa Chikondi. Kuyambira tsopano palibe mwana wa dziko lino adzamwetenso kapinga wa mfumu, pakuti mfumu yasenza yokha mtolo umenewo. Zikwakwa zonse zisonkhanitsidwe kuti zikaikidwe kunyumba yosungira zakale. Ndipo popeza ntchito yapepuka chotere, khomo lililonse lizitumiza anthu awiri m'malo mwa mmodzi: wina wothandiza njinga kumbuyo, wina wothokoza.

Amsika anamvetsera mwaulemu. Mayi wa tomato uja anati n'zosangalatsa kuti ufulu wafika, kungoti ukubwera ukufuna anthu ambiri kuposa ukapolo. Wometa tsitsi anati iye akudikira tsiku limene mfumu idzasenze yokha ntchito yodya, kuti aone ngati kudzafunikenso othandiza. Wina atawakumbutsa kuti wowerenga lamulo sanapite patali, onse ananena pamodzi kuti zili bwino.

Kunyumba yachifumu ntchito inkayenda mwa dongosolo. Mfumu inkakwera njinga ola limodzi patsiku, ikatha tiyi wachiwiri, ngati kunja sikukuoneka kuti kugwa mvula. Ojambula anadandaula kuti lata lija likubisa nsapato za mfumu, choncho linachotsedwa, ndipo kutsogolo kwa mfumu anaikako kagalasi kopatutsira udzu m'mbali ndi kumbuyo, kumene kunali okankha. Pa liwiro limeneli, akamafika kumapeto kwa kapinga, koyambirira kuja kunali kutameranso. Unduna wa a Chidyaudzu unakula: panabwera wachiwiri woona za kukankha ndi wina woona za nthungululu. Masabata atatu atakwana, zinaoneka kuti anthu a ku Tapirira aphunzira bwino kukankha mosagwedeza mfumu, ndipo kukanakhala kuwononga luso kuwasintha ndi achilendo. Anawaonjezera masabata ena atatu, monga ulemu.

A Bisalomu sanaiwalidwe. Pa mwambo waukulu anavekedwa mendulo ndi kupatsidwa udindo wa Wokankha Wamkulu wa Ufumu, kutanthauza kuti malo awo anali kumbuyo kwenikweni kwa chishalo, nkhope itayang'ana pamene mfumu yakhalira. Polankhula pa mwambowo, a Chidyaudzu anati njingayo inabadwa m'maloto a mfumu, ndipo a Kadzamira anangomanga mabawuti. A Bisalomu anathokoza. Chimene chinkawawawa kwambiri sichinali chimenecho ayi, koma kuona mkazi wawo pa mzere wa othokoza, akuimba nthungululu maso ali kumitambo, mawu atasasa.

Anawamasula pakati pa Febuluwale. A Bisalomu ndi Nagama atafika kumudzi sanayambe alowa m'nyumba, anapitirira kumunda.

Chimanga chija chinalipo, kwa munthu wochifunafuna. Chinali chachikasu, chowonda ngati bango, chitamasula ngayaye chili m'chiuno. Mizere sinkaonekanso. Manyowa onse amene Nagama anatuta pamutu anali atagwira ntchito yake mokhulupirika, koma anadyetsa udzu. Kapinga anayala kuchokera kuchulu mpaka kumalire, wobiriwira, wothithikana, wokongola kuposa wa mfumu. Minda ya aneba inali chimodzimodzi. Uko ndi uko kunkaoneka anthu ataima m'minda mwawo, manja ali kumbuyo ngati ali pamaliro.

Nagama anazula phesi limodzi, analiyang'ana, n'kuliponya pansi. Sanalire. Anali atatha mawu onse pothokoza. Ankangoganiza za madeya, ndi za Tiyese ndi mng'ono wake amene anawalonjeza kuti chaka chino adya ngati anthu. Ankadziwanso kuti pakamwa pamene panakweza mfumu pachishalo panali pake, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa njala imene inkabwerayo.

A Bisalomu anakhala pachulu, mendulo ikulendewera pakhosi. Manyazi anali atawagwira, ndipo mwamuna wa mtundu wawo akachita manyazi amayamba kuganiza za makina. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula padothi. Anati mwina kudimba kungapulumuke kanthu akafulumira, ndipo ali ndi nzeru ina: njinga yopalira, ya timakasu tinayi kutsogolo, tcheni chimodzi, munthu n'kukhala apa n'kumapalasa pakati pa mizere.

Nagama anayandikira, anayang'ana chojambulacho, n'kuloza ndi chala chakuphazi.

“Apa n'chiyani?”

“Chishalo. Pokhala wopalasa.”

Nagama anafufuta ndi phazi pang'onopang'ono mpaka padothi panayera. Kenako anapita pamene anabisa makasu awiri aja m'tchire tsiku lonyamuka, anawasolola atachita dzimbiri, n'kupereka limodzi kwa amuna ake.

“Bambo a Tiyese, luso muli nalo, sindikukana. Koma m'dziko muno mukapanga chinthu chokhala ndi pokhalira, wokhalapo amapezeka, ndipo ife timapezeka kumbuyo. Gwirani ili. Zaka zonsezi palibe mfumu inatilandapo khasu, chifukwa lilibe chishalo.”